Che Sulemani ndi Sipika Yong'ambika

Mukatsika minibasi mu Limbe n'kulowa msewu wa masitolo a nsalu, pa khonde la sitolo ya a Jayant mupeza tebulo lopendekera kumanzere, mulu wa mawailesi akufa, ndi bambo woonda wa kachisoti koyera atatsinzina, mutu ataupendeketsa ngati nkhuku yomwe yaona kabawi. Musawapatse moni msanga, ali pa ntchito. Amenewo ndi Che Sulemani, okonza masipika, ndipo akhala pa khondepo zaka makumi atatu ndi ziwiri.

Anabwera m'tauni kuchokera ku Namwera ali ndi malaya awiri ndi sikuludiraiva imodzi. Anayamba ndi mawailesi a mabatire, kenaka a makaseti, kenaka zoonetsera mafilimu. Atabwera mafoni, Che Sulemani anawayang'ana kamodzi n'kunena kuti chinthu chopanda zomangira si chokonza, n'chotaya. Anzawo ambiri ntchito inawathera pomwepo. Iwo anakakamira masipika, ndipo sanalakwe, chifukwa Blantyre ndi mzinda wosatopa ndi phokoso. Tchalitchi chikufuna kuposa chinzake, bala ikufuna kuposa tchalitchi, ndipo wa minibasi akufuna kuposa onsewo. Masipika amafa tsiku ndi tsiku, ndipo maliro ake onse ankathera pa khonde la a Jayant.

Mita yoyezera anali nayo, koma ntchito yake inali yopsinja mapepala kuti asauluke. Iwo ankalumikiza sipika ku kawailesi kawo ka kaseti, n'kuika kaseti imodzimodzi ya gitala wa kale, n'kutsinzina. Pasanathe mphindi ankatchula matenda. "Koyilo ikukhudza." "Pepala lanyowapo." "Muli mphemvu, ndipo ili ndi banja." Akatsegula, zinkapezeka momwemo. Tinene zoona, bambowa anali odzimva. Munthu akayamba kufotokoza yekha vuto la sipika yake, ankamudula pakamwa. "Mukapita kuchipatala mumadzibaya nokha jakisoni?" Anthu ankanyinyirika koma ankabwerabe, paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Tsono pali zimene Che Sulemani sankadziwa. Ku Mpingwe kunali mtsikana wina dzina lake Daisy, amene ankagwira ntchito pa fakitale ina yopanga zidebe za pulasitiki ku Makata. Daisy ankaimba gitala ya magetsi, yekhayekha, wopanda bandi, wopanda kwaya. Nyimbo zake sizinali zovina, sizinali za uzimu, sizinali regi. Zinali za roko, koma osati roko wokuwa uja. Wake ankayamba monong'ona ngati munthu akudandaula yekha, kenaka gitala n'kusasa mawu mwadzidzidzi ngati yakwiya. Kusasa mawuko kunkachokera mu ampu yakale, chokuzira mawu a gitala, imene tchalitchi china chinataya chifukwa sipika yake inali itang'ambika. Daisy anaitola, anaiyatsa, ndipo atamva kulira kwake anaikonda pomwepo.

Anapeka nyimbo imodzi, "Zidebe Zopanda Madzi", ya munthu wopanga zidebe tsiku lonse n'kukapeza mpopi wouma kunyumba. Anaijambula pa foni ali m'bafa, n'kutumizira anzake asanu. Uku kunali kutuluka kwake koyamba. Mmodzi mwa asanuwo anali ndi msuweni woika nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi mu msika wa Limbe. Msuweniyo sanaimvetsere n'komwe. Anangoona kuti ndi ya Chichewa, n'kuiponya m'gulu la nyimbo za kwathu kuno, pakati pa za ukwati ndi za chitsitsimutso. Aliyense wodzaikitsa nyimbo mwezi umenewo anapita nayo osadziwa.

Woyamba kufika pa khonde anali Chance, dalaivala wa minibasi ya Limbe ndi Blantyre, atakolekera sipika kukhwapa.

"Madala, yang'ambika iyi. Ikumalira ngati njuchi yatsekeredwa m'chitini."

Che Sulemani analumikiza, anaika kaseti yawo, anatsinzina. Gitala wa kale uja analira bwinobwino.

"Ilibe vuto. Pita nayo."

Patapita masiku atatu Chance anabweranso. "Madala, dzulo pa Chichiri penipeni yayambanso. Mpaka mayi wina anatseka mwana wake makutu. Ndinangothimitsa."

Vuto linali pamenepo. Mu fulashi ya Chance munali nyimbo mazana asanu ndi limodzi, ndipo ya Daisy inkafika kamodzi pa tsiku. Ikangofika poti gitala yakwiya, Chance ankathimitsa wailesi kuti apulumutse sipika. Sanaimvepo mpaka kumapeto, ndipo sanadziwe kuti ndi nyimbo imodzimodzi. Che Sulemani anatsegula sipika ija, anaiyang'ana ndi tochi, anaigogoda, anaipemerera. Inali ya moyo kuposa mwini wake.

Kenaka anabwera wometa tsitsi. Kenaka mwini bala wa ku Bangwe, kenaka madalaivala ena atatu. Onse nkhani imodzi: ikumasasa mawu. Onse yankho limodzi: ilibe vuto. Wachisanu ndi chiwiri anali mayi wa saluni, waulemu kwambiri, amene anawerama polandira sipika yake n'kunena motsitsa mawu, "Zikomo bambo. Komatu makutu nawo amakalamba." Akanatukwana bwenzi zili bwino. Ulemuwo ndi umene unawabaya.

Che Sulemani anachita mantha. Si mantha a njala ayi, pakuti ana anali atakula ndipo kumudzi kunali munda. Anaopa kuti chinthu chimodzi chokha chimene ankadziwa kuposa munthu aliyense mu Limbe chawachokera osatsanzika. Anayamba kudziyeza mobisa. Ankapekesa zala pafupi ndi khutu. Ankagwetsa kachomangira pa simenti n'kutchera khutu, koma mu Limbe masana ngakhale mutagwetsa poto simungamve. Anaika wotchi ya kasitomala pa khutu, osamva kanthu, mtima n'kuti myuu. Wotchiyo inali itafa kale, koma munthu wamantha saganiza zimenezo.

Madzulo a tsiku limenelo anawauza akazi awo, mayi Aminatu, kunyumba kwawo ku Kachere.

"Mayi a Kalimu, makutu anga atha. Mwezi uno ukatha nditseka. Tizipita kumudzi."

"Pepani bambo a Kalimu. Zonse ndi za Mulungu," anatero mayi Aminatu, nkhope ili yachisoni ndithu.

Koma mayiwa anakhala akupempha za kubwerera ku Namwera kwa zaka khumi ndi zisanu. Kumeneko anali ndi nyumba ya malata, mitengo ya mango ndi achemwali awo atatu. Dzanja limodzi linkasisita amuna awo pa msana, linalo likuyeza kale kabati. Mmawa kusanatenthe anali atapeza makatoni anayi ku golosale. Che Sulemani anawauzanso a Jayant kuti khonde lawo litsala lopanda munthu. A Jayant, amene anakalambira limodzi nawo pa malowo, anangoitanitsa tiyi awiri n'kunena kuti, "Ndiye ine ndizikangana ndi ndani?"

Nthawi yomweyo nyimbo ija inali itatuluka kachiwiri. Mnyamata wina wa situdiyo ku Ndirande, Kelvin, anaimva n'kumvera Daisy chisoni. Anati mtsikanayu mawu ali nawo, wangosowa zipangizo. Popanda kumufunsa anachotsa kusasa konse kuja, anaika kiyibodi, ng'oma zothamanga ndi mawu ake omwe akuitana anthu kuti adzuke avine. Nyimboyo inagwira pa maukwati awiri atatu. Anthu ankavina perekaniperekani uku mawu akunena za mpopi wouma ndi msana wopweteka. Daisy anaimva koyamba pa ukwati wa mnzake wa ku ntchito, ndipo anakabisala kuseri kwa holo mpaka inatha.

Amene anakondwa anali mayi ake, mayi Anastazia, a chigwirizano cha amayi ku tchalitchi kwawo, ochokera ku Nsanje, osadziwa kunong'ona. Kwa iwo, ya Kelvin inali umboni woti mwana wawo ndi woimba weniweni amene akuzunzika ndi sipika yakutha. Aneba anali atayamba kale kufunsa ngati ku Makata sakulipira. Ndiye atamva kuti anthu ena a ku Sunnyside, okonda nyimbo zachilendozi, amupezera Daisy situdiyo yabwino Loweruka kuti nyimboyo ijambulidwe bwino n'kutuluka kachitatu, mayi Anastazia anati mwana wawo sakachita manyazi pamaso pa anthu iwo ali moyo. Lachinayi Daisy atapita ku ntchito, anaikulunga ampu ija m'chitenje, anaisenza pamutu, ulendo wa ku Limbe.

Che Sulemani atatsegula anapeza pepala la sipika litang'ambika pawiri. Izi sizinafune khutu. Ngakhale wodutsa mumsewu akanaona. Anaikonza ndi mtima wonse, poganiza kuti mwina ndi ntchito yawo yomaliza. Anachotsa pepala lakale n'kuliponya m'bini, anaika latsopano, lomaliza la msinkhu umenewo limene anali nalo, anamata bwino, anamanga chilichonse chomasuka, anapukuta ndi fumbi lomwe. Mayi Anastazia anabwerera ku Mpingwe akuimba nyimbo ya mayamiko m'njira.

Lachisanu, Che Sulemani atangobwera ku mzikiti, anapeza anthu awiri akuwadikira. Wina anali Chance, ndi sipika yake yomwe ija, ulendo wachinayi. Winayo anali mtsikana wovala ovolosi ya buluu, gitala kumsana, ampu pansi, maso ofiira.

"Ndinu Che Sulemani?"

"Ndine."

"Ndine Daisy. Dzulo mayi anga anabweretsa ampu iyi. Mwaiononga, bambo."

Pa zaka makumi atatu ndi ziwiri palibe amene anawauzapo mawu amenewo. Koma mmene mtima unalili, Che Sulemani sanakwiye. Anangoganiza kuti basi, ngakhale yooneka ndi maso yawakanika. Analumikiza gitala ya mtsikanayo, iye n'kukhwatcha kamodzi. Ampu inalira mosalala ngati ya kwaya ya Lamulungu m'mawa.

"Mwamva?" anatero Daisy. "Yafa."

"Yafa bwanji, mwanawe? Imeneyitu ndiye yachira."

"Imayenera kulira chonchi."

Anatulutsa foni, anailumikiza ku sipika ya pa tebulo, n'kuika nyimbo ya m'bafa ija. Inayamba monong'ona. Chance ankangotokosa mano. Itafika poti gitala yakwiya, anadumpha n'kuloza sipika ya Che Sulemani.

"Ndi imeneyo njuchi ija. Madala, yanunso yang'ambika."

"Sinang'ambike," anatero Daisy. "Ndi nyimbo yanga. Imalira choncho dala."

Chance anayang'ana sipika yake, imene anaisenza maulendo anayi popanda mlandu, n'kuikhazika pansi mwaulemu. "Dala? Sisi, mukudziwa kuti ine ndakhala mwezi ndikuyendetsa anthu mu zii ngati galimoto ya maliro?"

Mungaganize kuti Che Sulemani anapumira m'mwamba pomwepo. Anapuma ndithu, koma pang'ono. Munthu akauzidwa kasanu ndi kawiri kuti ndi gonthi, amayamba kupendeketsa mutu ngakhale pamene akumva. Kuti masipika aja analibe vuto zinangosonyeza kuti iwo sanamve chimene panalibe. Sizinasonyeze kuti akumvabe chimene chilipo.

"Mawa ndikujambula," anatero Daisy. "Ing'ambeninso, bambo. Monga mmene inalili."

"Dokotala sumupempha kuti akuthyole mwendo. Ine ndimakonza."

"Ndiye konzani. Kwa ine panopa ndi pamene yaonongeka." Anakhala pa kabenchi ka makasitomala n'kutsitsa mawu. "Ndikaweruka ku Makata, makina amakhala akulirabe m'mutu. Ndifika kunyumba, madzi kulibe, mayi akufunsa za banja. Sindingakuwe, ndine mwana wa munthu. Imakuwa m'malo mwanga ndi ampu imeneyi. Mukaisalaza, nyimbo ija ikunama."

Che Sulemani sanamvetse za roko, ndipo mpaka lero amati ndi nyimbo za anthu odwala mano. Koma zoti munthu ali ndi chinthu chimodzi chake ndipo chamuchokera, anazimva bwino kwambiri sabata imeneyo. Pepala lakale linali litapita ndi osesa m'mawa. Latsopano linali lomaliza, ndiye lezala likapitirira panalibe pobwerera. Mmene linang'ambikira ankakumbukira pang'ono, koma pepala lakale ndi latsopano sizilira mofanana. Maso sakanathandiza apa.

"Ikanso nyimboyo," anatero.

Anaimvetsera katatu atatsinzina. Anthu anayamba kuima: ogulitsa mandasi, alonda a masitolo, ndi a Jayant amene anasiya kasitomala atagwira nsalu. Ulendo wachitatu Che Sulemani anayamba kuyankhula okha. "Tambala wa aneba. Wina akusesa kunja. Bafa lako lilibe denga." Daisy anangoti kukamwa yasa. Kenaka Che Sulemani anatuma Chance kukagula lezala latsopano, chifukwa ntchito yonyansa imafunanso chipangizo chaukhondo.

Chance atabwera nalo, Che Sulemani anagwira pepala la sipika lija. Anadula pang'ono pafupi ndi m'mphepete, ngati chikhadabo kutalika. "Imba." Daisy anakhwatcha. Ampu inatsokomola pang'ono. Anatalikitsa. "Imba." Inasasa mawu. Anadula kwina, moyang'anizana ndi koyamba kuja, kenaka anaika lezala pansi n'kung'amba pang'ono ndi chala, chifukwa anati lakale lija silinadulidwe ndi mpeni, linachita kung'ambika. M'gulu la anthu wina anafunsa ngati bambowa mutu ukuyenda bwino. Wina anamuyankha kuti akhale chete, kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Imba."

Daisy anaimba mzere wonse, gitala inakwiya, ogulitsa mandasi anabwerera m'mbuyo. Mtsikanayo anaseka koyamba chifikireni.

"Ndi yomweyo, bambo. Mwaipeza. Musakhudzenso."

"Ndi yomweyo, madala," anavomereza Chance, amene tsopano anali katswiri wa roko. "Njuchi yabwerera."

Che Sulemani sanatsegule maso. "Ayi. Sinafike."

"Yafika, bambo. Ndi ampu yanga, ndikuidziwa. Mukapitiriza muiononga."

Mwini wake akuti yafika, dalaivala akuti yafika, gulu lonse likugwedeza mitu. Che Sulemani okha ankamva kuti pali kanthu kakusowa, kakang'ono, kopyapyala, kokhala pamwamba pa kusasa konseko. Mwina kanaliko. Mwina anali makutu okalamba akudzipangira phokoso lawolawo. Akanatha kuvomera, kulandira zikomo n'kupita kumudzi osadziwa. Koma kusadziwako ndi kumene kunawasowetsa tulo mwezi wonse.

"Ikanso ya pa foni. Pokwiya pokhapo."

Anamvetsera. Kenaka anasiya lezala, anatenga sikuludiraiva, n'kutembenuza ampu ija. Kumbuyo kwake kunali zomangira zinayi zimene anazimanga okha dzulo lake. Anagwira cha pansi kumanzere, anachimasula theka, anaganiza, n'kuwonjezera pang'ono.

"Imba."

Daisy anakhwatcha, ndipo pamwamba pa kusasa paja panamveka kakulira kena, kachitsulo kakunthunthumira, kamene kankatsalira pang'ono gitala ikatha. Anasiya kuimba. Anaika ya pa foni, anamvetsera, anaimbanso yake. Anachita zimenezo kawiri. Kenaka anagwira pakamwa.

"Kanalipo," anatero. "Zaka ziwiri ndikuimbira ampu imeneyi, sindinadziwe kuti ndi chomangira. Mwakamva bwanji pa foni?"

"Kanali kakulira," anatero Che Sulemani, ngati nkhani yaing'ono.

Koma anatembenuka n'kuyamba kufunafuna chinthu m'bokosi la mawaya, ndipo anachifunafuna nthawi yaitali, chifukwa misozi inali italengeza ndipo sanafune kuti Limbe iwaone. Anali osangalala ngati tsiku limene wailesi yoyamba inayankhula m'manja mwawo. A Jayant anabwerera kwa kasitomala wawo akung'ung'udza kuti phokoso limeneli lithamangitsa anthu, nkhope ili mwee.

Nyimboyo inajambulidwa Loweruka ndipo inatuluka kachitatu, kusasa kwake kuli konse. Sinagwedeze dziko, tisanamizane. Okonda zoterezi ku Blantyre angakwane mu minibasi ziwiri, ndipo anakwanadi. Wailesi ina inaiulutsa kangapo, muulutsi akuyamba wachenjeza kuti omvera asagogode mawailesi awo, ali bwinobwino. Mayi Anastazia anakwiya sabata yathunthu, ndipo mpaka pano pa misonkhano ya amayi amaika ya Kelvin. Chance ndiye amaiika dala akafika pa Chichiri, n'kumafotokozera okwera kuti sipika ya mu nyimboyo anagula lezala lake ndi iye.

Koma tibwerere ku Lachisanu lija. Che Sulemani anafika ku Kachere dzuwa lisanalowe, napeza makatoni asanu ndi atatu atasanjidwa pa balaza, omangidwa ndi zingwe, olembedwa ndi makala. Ngakhale makatani anali atachotsedwa. Mayi Aminatu anawalandira ndi nkhope ya munthu amene wayamba kale kumva fungo la kwawo.

"Mayi a Kalimu, masulani katundu. Sitikupita."

Anafotokoza zonse, za mtsikana, za lezala, za chomangira. Mayi Aminatu anamvetsera mpaka kumapeto. Anayang'ana amuna awo, anaona kuti msana wawongoka ndipo mutu sukupendekeranso, ndipo anadziwa kuti mango a chaka chino adya ena. Ananyamula katoni ya mbale n'kulowa nayo kukhitchini. Che Sulemani anatuluka panja, anakhala pa khonde n'kuyamba kuvula nsapato.

Kukhitchiniko, chitseko chili chotseka, mbale zikugundana, mayi Aminatu ananong'ona okha, motsitsa kwambiri moti ngakhale mphaka sanatembenuke.

"Ndiye ndidzafera m'tauni muno chifukwa cha kachomangira kamodzi."

"Ndamva, mayi a Kalimu," anayankha Che Sulemani ali panja.